Nkhaka Zosambira

Lachisanu, 1 Ogasiti

52.4. Mwezi watha anali 55.

A nesi alemba nambalayo m'buku n'kuizunguliza ndi cholembera chofiira. Akuti Lachiwiri pa 12, tsiku lolandira mankhwala kachinayi, sikelo ikadzanena zochepera makilo 52 sadzawaika diripi, adzati tidikire. Koma adokotala anatiuza kale poyambirira kuti khansa imeneyi sidziwa kudikira. Ndiye ndi zimenezo. Masiku khumi ndi limodzi, ndi mwamuna woti chilichonse chimene ndingaphike akuti chikumveka ngati akutafuna makiyi.

A Sizasi anga. Munthu wometa anthu zaka makumi awiri, lero mankhwala awameta mpala waulere, ndi nsidze zomwe. Pa sikelo paja anayesa nthabwala, ati chimene chachoka ndi tsitsi, linkalemera makilo atatu. A nesi anaseka. Ine ayi.

Tikutuluka, a nesi anandikokera pambali pakhonde. "Mayi, yesani zowawasa. Ena lilime likagona chonchi, zowawasa zimalidzutsa." Mandimu ndinayesa kale, anakana. Ndiye chiyani?

Masana ndinabwerera kuntchito, malaya makumi atatu akundidikira pa thebulo lositira. Ndinawafotokozera a Wailesi, anzanga a pa makina ochapira. Dzina limenelo sanalitole mwangozi. Anagwirapo ntchito m'khitchini ya hotela, ndiye chilichonse amachidziwa, ngakhale chimene sachidziwa. Ati ku hotelako ankaika nkhaka m'mabotolo ndi viniga, alendo n'kumanyambita zala. Anandilembera kuseri kwa tikiti ya zovala:

viniga kapu 1
madzi kapu 1
mchere supuni yaikulu 1
shuga masupuni 2
Wiritsa, thira, tseka, firiji. Masiku awiri OSATSEGULA.

Mawu omalizawo anawajambulira mizere iwiri pansi. Amandidziwa.

Loweruka, 2 Ogasiti

Ndinalawirira kumsika. Nkhaka ndinasankha zazing'ono, zolimba, zosafota, ndikuzitembenuza imodziimodzi mpaka mayi wogulitsa anandifunsa ngati ndikusankha mkamwini. Karoti, anyezi wofiira, adyo, ndi katsabola kamodzi.

Mabotolo ndapeza atatu kuseri kwa kabati, awiri a jamu, limodzi la khofi. Kuwatsuka, kuwawiritsa ndi zitsekerero zomwe, kuwavundikira pa nsalu yoyera kuti aume okha. Kuchipatala anatichenjeza kuti thupi la S., a Sizasi anga, pano silingalimbane ngakhale ndi kachilombo kakang'ono, ndiye ndinasamba m'manja ngati ndikukachita munthu opaleshoni.

Nkhaka ndadula zopyapyala, zozungulira ngati mabatani a jekete. Karoti timizere. Adyo kumuphwanya ndi mpeni chafulati. Anyezi anandiliritsa, ndipo ndinapezerapo mwayi.

Viniga atayamba kuwira, fungo linadzaza nyumba yonse, mphuno kuyabwa, pakhosi kuyabwa. S. anatulukira pakhomo la khitchini atafunda bulangete.

"Amayi, mukuphika kapena mukupha mphemvu?"

Ndinawauza kuti akhale pansi asanagwe. Anakhala pa kampando n'kumaonerera ndikuthira madzi otenthawo m'botolo, nkhaka n'kuyamba kuyandama. "Ha, nkhaka zosambira," iwo. Dzina lapezeka.

Ndinazikanikiza ndi supuni kuti zimire zonse, kudikira zizizire, kutseka, m'firiji. Shelefu ya pamwamba, pafupi ndi mankhwala awo. Pa chitsekerero ndamata kapepala: Bot. 1.

Lero adya tiyi theka la kapu, kachidutswa ka buledi, mpunga masupuni awiri. Mpheta imawaposa.

Lamulungu, 3 Ogasiti

Firiji ndatsegula kasanu ndi kawiri. Botolo sindinatsegule. Nkhaka zasintha mtundu, zikungondiyang'ana.

Lolemba, 4 Ogasiti

Tsiku lonse simbi ili m'manja, mutu uli m'firiji. Kolala imodzi ndinaisita katatu, abwana mpaka anafunsa ngati mwini malayawo ndi m'bale wanga. Poweruka basi inkangoima paliponse ngati ikupereka moni kwa achibale. Ndinatsikira panjira n'kuyenda wapansi, miyendo inkakana kukhala.

Chitsekerero chinati phwa! Ndinalawa kaye ineyo. Nkhaka yolimba, ikulira pa mano, kuwawasa kwake kofika mpaka m'makutu. Koma a Wailesi nthawi zina amanena zoona.

Ndinawaikira zitatu pa kambale, pambali pa mpunga. Anatenga imodzi. Kutafuna pang'onopang'ono. Maso anadzaza misozi, anatsinzina, n'kumeza.

"Bwanji, bambo?"

"Zikuwawa."

Tsabola uja! Ndinadziwa ine. Kamodzi kokha koma kaukali ngati alamu anga. Ndinati pepani, ndikonza zina zopanda tsabola. Koma ndisanachotse kambale anatenga yachiwiri. Kenako yachitatu. Kenako mpunga, masupuni asanu ndi imodzi. Ndinkawerenga ndikunamizira kupukuta thebulo.

Asanu ndi imodzi!

Mbale ndinatsuka ndikuimba. Sindikukumbukira kuti ndinaimba liti komaliza m'nyumba muno. Bot. 2 ndaika nthawi yomweyo, manja asanaume. Tsabola ayi.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Alamu anaimba foni nthawi ya nkhomaliro. Achemwali awo a S., aakulu, amene anawalera, ndipo salola munthu aliyense kuiwala zimenezo.

"Ndamva kuti mlongo wanga watsala mafupa okhaokha. Kodi mukumudyetsa chiyani kumeneko?"

Ndinati nkhaka. Kenako ati abwera Lamulungu adzaone ndi maso awo, ndipo ngati zandikanika amutenga akamusamalire kwawo.

Zandikanika! Ine amene kwa miyezi inayi ndakhala ndikutsuka beseni la masanzi, kuwerenga mapiritsi, kuima pa mizere ya kuchipatala mpaka zidendene kuchita dzanzi. Iwo amabwera kamodzi pa mwezi ndi malangizo odzaza chikwama. Ndinayankha kuti zikomo alamu, tikudikirani, mwaulemu wonse. Kenako simbi ndinaimenyetsa pa thalauza la munthu wosalakwa.

A Wailesi anamva zonse, makina akulira chonchobe. "Alamu ndi mvula, amzanga, imagwa n'kukata. Iwe yang'ana botolo."

Madzulo ndinavuula katsabola kaja mu Bot. 1 n'kukataya. S. adya nkhaka zitatu, mpunga masupuni asanu, nyemba pang'ono. Sindinafunse kanthu, ndinaopa kuwononga.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndabwereka sikelo kwa mayi a khomo loyandikana. Sikelo yabodza. Pakhomo la bafa ikuti 53, kuchipinda ikuti 51 ndi theka, m'khitchini 52 ndi pang'ono. Ndawayendetsa S. nyumba yonse ngati thumba la mbatata mpaka anati, "Amayi, sankhani chipinda chimene mukuchikonda, tizikhulupirira chimenecho." Ndasankha khitchini.

Bot. 2, lopanda tsabola. Adya zinayi.

"Nanga lero?"

"Zikuwawabe."

Ndiye si tsabola. Ndi mchere. Supuni yanga yaikulu ija ndi fosholo, ndakhala ndikuikayikira kuyambira kale. Bot. 3, mchere theka.

Lachinayi, 7 Ogasiti

A Wailesi akana za mchere. Ati vuto ndi nkhaka zenizenizo, kunsonga kwake n'kumene kumabisala kuwawa. Udule nsonga zonse ziwiri, usende, ulawe iliyonse usanaiike. Anandionetsa ndi manja, sopo ali thovu mpaka m'zigongono, kasitomala akudikira pa kauntala.

Mayi oyandikana andipatsa mabotolo ena awiri. Bot. 4, nkhaka zosenda, zodula nsonga, shuga masupuni atatu. Ndalawa nkhaka iliyonse ndisanaidule, mimba yanga yadzaza madzi okhaokha. Bot. 5, karoti yekhayekha, poti karoti sanawawepo chilengedwere.

Firiji yadzaza. Mkaka wasowa pokhala. Zala zanga zikununkha viniga ngakhale nditasamba ndi sopo wa kuntchito.

S. sakulankhula masiku ano. Ndikafunsa amangogwedeza mutu, kapena "mm." Munthu amene kometera ankayamba nkhani pa tsitsi loyamba n'kuimaliza pa ndevu yotsiriza, makasitomala n'kumatuluka makutu atatopa. Tiyi ndikawapatsa amamusiya mpaka azizire ngati madzi a pampopi. Nyama aikana, ati yalimba. Buledi akuchita kumuviika. Ndawapeza atayala masizasi awo pa nyuzipepala, akuwathira mafuta limodzilimodzi, osandicheukira. Ndafunsa ngati ndawalakwira. Apukusa mutu.

Mwina atopa nane. Sindikuwada, inenso ndatopa nane.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Bot. 3. Ziwiri zokha. Mpunga masupuni atatu. "Zikuwawa." Sikelo ya m'khitchini 52 ndendende, singano ikunjenjemera.

Masiku anayi.

Sindikutha kukhala pansi. Ndakolopa m'khitchini kawiri, ndachapa makatani oyera kale. Ndawerenganso katikiti ka a Wailesi ngati muli mawu ena amene anabisala.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndalakwa lero.

Ndinatulutsa Bot. 4 ndi Bot. 5 nthawi ya nkhomaliro, n'kulawa ndekha. Karoti wotsekemera ngati switi, kuwawasa kwa patalipatali. Khanda likhoza kudya. Ndinawaikira m'mbale. Anatafunira mbali imodzi, pang'onopang'ono, dzanja litagwira m'mphepete mwa thebulo. Ndinafunsa. Mawu omwe aja.

Basi, zinandikwera.

"Chikuwawa n'chiyani, bambo? Tsabola ndachotsa. Mchere ndachotsa. Nkhaka ndasenda, nsonga ndadula. Karoti amawawa? Ndichotsenso chiyani, botolo? Ngati simukufuna kuchira mungonena, ndisamavutike!"

Mawu omalizawo atangotuluka ndinafuna kuwagwira m'malere n'kuwabwezera m'kamwa. Anakokera mbale pafupi n'kudya karoti yense amene analimo, mmodzimmodzi, misozi ikutsika, akundiyang'ana. Sindinathe kuonerera. Ndinavala nsapato n'kutuluka.

Ndinayenda mpaka ku siteji ya basi, kubwerera, kudutsa kometera kwawo. Mnzawo anali akumeta munthu pa mpando wawo uja wong'ambika chakumanzere. Anandikwezera dzanja, ine ndinanamizira kuti sindinaone. Ndinazungulira msika kawiri osagula kanthu. Mtima unkandipweteka ndi manyazi, komanso mkwiyo unali usanathe, zonse pamodzi.

Nditafika anali atatsuka mbale ija n'kuivundikira pa sinki. Anagona chafufumimba, nkhope kukhoma. Ndinati pepani. Anandisisita dzanja osatembenuka.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Alamu anafika 10 koloko ndi jumbo ya nthochi, ndi nkhope ya woweruza milandu. Moni wa m'mano. Analowa m'khitchini n'kutsegula firiji osapempha.

"Awa ndi mankhwala kapena chakudya?"

Ndinati lawani. Anatenga foloko, kulawa Bot. 1, la tsabola lija. Kutafuna. Kulawa Bot. 4. Kutafuna.

"Koma zikukoma izi," anatero ngati akuvomera mlandu. "Mwati iyeyu akuti zikutani?"

"Akuti zikuwawa."

"Izi?"

Anaika foloko pansi n'kupita pabalaza pamene S. anakhala. Anagwada patsogolo pawo n'kuwagwira chibwano ngati mwana wa zaka zisanu.

"Iwe. Zikuwawa pati?"

Pati.

Sabata yathunthu ndakhala ndikufunsa kuti chikuwawa n'chiyani. Zoti pati sindinafunsepo.

S. anandiyang'ana ine, kenako pansi. Alamu anati yasama. Anakana. Anati yasama ndisanakutsine. Anayasama. Ine ndinayatsa tochi ya pa foni.

Mayo ine. Zilonda m'masaya monse, pansi pa lilime, m'milomo chamkati, zoyera pakati, zofiira m'mbali. M'menemo ndi mmene ndakhala ndikuthiramo viniga kuyambira Lolemba. Ndi tsabola. Ndi mchere. Ndipo dzulo ndinawakalipira kuti sakufuna kuchira.

Ndinakhala pansi pomwepo.

Ndinafunsa chifukwa chake sananene. Ati ananena. Zoonadi ananena, tsiku lililonse, mawu amodzimodziwo. Ndinati koma munkaona ndikulimbana ndi mchere, ndikusenda nkhaka ngati wamisala! Anayankha movutika, milomo osaitsegula kwenikweni. Ati zinayamba tiwiri tating'ono, ankaganiza kuti tipola tokha. Titachuluka anaopa kuti ndikadziwa ndikauza a nesi, a nesi n'kuimitsa mankhwala. Ati komanso zakudya zina zonse sazimva n'komwe, izi zokha ndi zimene ankazimva, ngakhale kumva kwake kunali kotero.

"Ndiye munayamba kuimba, amayi. Ndikanakudulani bwanji?"

Ndinkayembekezera kuti alamu andidya wamoyo. Anangopinda manja a bulauzi n'kufunsa kuti poto wamng'ono ali kuti. Tinaphika phala lamadzimadzi, mkaka ndi dzira, nthochi zophwanya. Iwo akutakasa, ine ndikuziziritsa m'mbale ziwiri, kuthira uku, kuthira uku. S. amwa kapu yathunthu ndi kasupuni ka tiyi. Zinatenga mphindi makumi anayi, tonse awiri titawakhalira uku ndi uku ngati apolisi.

Zoti awatenge sanazitchulenso. Pochoka anandigwira phewa pakhomo. "Uyu ali mwana anabisa dzino lobooka chaka chathunthu. Si inu oyamba kupusitsidwa, alamu."

Lolemba, 11 Ogasiti

Ndapempha theka la tsiku. A Wailesi nditawauza anangoti kukamwa yasa.

Phala kanayi, peyala lophwanya, yogati, mkaka. Zonse zozizira, zonse zofewa. Akumeza ngati akumeza singano koma akumeza. Sikelo ya m'khitchini sindinaifunse, ndaibweza kwa eni ake.

Dzuwa likulowa anandigwira dzanja pabalaza.

"Mawa musanene za m'kamwa. Sikelo ikavomera, basi, tilandire. Zilonda zipola."

Ndinati tiona.

"Amayi, ndikukupemphani."

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tili limodzi, sanandipemphepo chinthu ndi mawu otere.

Ndikanena, aimitsa mankhwala, ndipo matendawa sadikira. Ndikapanda kunena, awathira mankhwala ena pamwamba pa zilonda zimenezi, ndiye sabata yamawa adzadya ndi chiyani? Ndayenda kuchokera m'khitchini kupita kuchipinda, kuchipinda kupita m'khitchini. Firiji kutsegula, kutseka. Malaya awo a mawa ndasita, ndawapachika, ndawatsitsa, ndawasitanso.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Anavula nsapato, jekete, ndi lamba yemwe. Anakwera. Nambala inavinavina kenako inaima.

52.1.

A nesi anawomba m'manja pang'ono. "Mwayesetsa, mayi! Zowawasa zija zathandiza eti?" Anatenga buku ndi cholembera, chabuluu ulendo uno, n'kuyamba mafunso awo a masiku onse osadzutsa mutu. Kutentha thupi? Kutsekula m'mimba? Zilonda m'kamwa? S. ankapukusa mutu pa funso lililonse. Anapukusanso pa lomalizalo.

Nambala imene ndaisaka masiku khumi ndi limodzi inali pa buku, inki isanaume. Mpando wa diripi unali apo, wopanda munthu. S. anandiponda chala ndi phazi la sokosi.

"A nesi, tawayang'aneni m'kamwa," ndinatero.

Diripi aiimitsa sabata imodzi. Atipatsa mankhwala ochukuchira m'kamwa ndi ena opaka. Zowawasa zonse ziime, a nesi anapepesa kuti sanandichenjeze tsiku lija. Adokotala ati sabata imodzi tikhoza kupirira. Ananena akuyang'ana pa pepala, ndiye sindikudziwa.

M'basi S. anakhala kuwindo, nkhope kunja. Potsika ndinawapatsa dzanja, sanalilandire.

Kunyumba analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Ine m'khitchini. Ndinatulutsa mabotolo onse asanu n'kuwandandalika pa sinki. Ndinatsegula loyamba n'kulikhuthula, viniga kumapita, nkhaka n'kutsala zitaunjikana pa kabowo. Nditagwira lachiwiri ndinamva masilipasi kumbuyo kwanga.

"Zimenezo zimakhala nthawi yaitali bwanji m'firiji?"

Sindinatembenuke. Ndinati masabata atatu, mwina anayi.

Ndinawamva akuwerengetsa masiku chapansipansi.

"Musataye. Makamaka za karotizo. Zindidikire."

Ndinapukuta mabotolo anayiwo ndi kansalu, limodzilimodzi, iwo atandigwirira chitseko cha firiji.